Edwin Starr: woyimba wa ku America amene anapeza mudzi wachiwiri ku England

Pa 2 Epulo 2003, patangotha masabata awiri asilikali a America ndi Britain atalowa m'dziko la Iraq, woyimba Edwin Starr anamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwake pafupi ndi mzinda wa Nottingham ku England. Anali ndi zaka 61. M'mayiko ambiri amamukumbukira chifukwa cha War, nyimbo yodzudzula nkhondo imene inagwedeza America mu 1970. Koma ku Manchester, Wigan, Blackpool ndi mizinda ina ya kumpoto kwa England, dzina lake linali litamveka kale nyimboyi isanatuluke, ndipo linapitiriza kumveka ngakhale pamene kwawo anali atayamba kumuiwala. Anthu a m'mizinda imeneyi ndiwo anamuchititsa kuti asamuke ku America ndi kukakhala pakati pa Angerezi mpaka imfa yake.

Ubwana ndi chiyambi cha luso

Dzina lake lenileni linali Charles Edwin Hatcher. Anabadwa pa 21 Januwale 1942 mumzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee, koma anakulira ku Cleveland m'chigawo cha Ohio. Imeneyi inali nthawi imene mabanja ambiri a anthu akuda ankachoka kummwera kwa America, kothina ndi tsankho, kupita kumizinda ya mafakitale ya kumpoto kukafuna ntchito. Mu 1957, ali mnyamata wa zaka 15, anayambitsa gulu loyimba lotchedwa Future Tones, limene linkayimba mtundu wa nyimbo zotchedwa doo-wop, zodalira kwambiri kugwirizana kwa mawu kusiyana ndi zida.

Gululi silinapite patali, poti Hatcher anaitanidwa ku usilikali ndipo anatumizidwa ku Ulaya. Atamaliza ntchito ya usilikali, analowa gulu la Bill Doggett, katswiri woyimba limba amene anatchuka mu 1956 ndi nyimbo ya Honky Tonk. Ali m'gululi, anaphunzira kuyenda mzinda ndi mzinda, kuyimba usiku uliwonse ndi kugwira mitima ya anthu amene sanamuonepo. Don Briggs, amene ankayendetsa zochitika za Doggett, ndiye anamulangiza kuti asiye dzina la Hatcher ndi kuyamba kudzitcha Edwin Starr.

Ku Detroit

M'zaka za m'ma 1960, mzinda wa Detroit unali likulu la mafakitale a galimoto komanso la nyimbo za soul. Kampani ya Motown, ya Berry Gordy, ndiyo inali mfumu ya malonda a nyimbo mumzindawu, koma panalinso makampani ang'onoang'ono olimbana nayo. Ina mwa iwo inali Ric-Tic, ya Ed Wingate, mwini wakenso wa Golden World. Kumeneko ndi kumene Starr anajambula Agent Double-O-Soul mu 1965, nyimbo imene anaipeka potengera kanema wa kazitape James Bond, amene panthawiyo anali pakamwa pa aliyense. Nyimboyi inafika pa nambala 21 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard.

Chaka chotsatira anatulutsa Stop Her on Sight ndi Headline News. Anapekanso Oh How Happy, imene inayimbidwa ndi gulu la azungu la Shades of Blue ndi kufika pa nambala 12. Nyimbo za Ric-Tic zinkamveka ngati za Motown, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika: oyimba zida a Motown, odziwika ndi dzina loti Funk Brothers, ankazemba usiku kukagwira ganyu kwa Wingate. Gordy anathetsa mpikisanowu mwa njira imene munthu wachuma amaidziwa bwino. Pakati pa 1966 ndi 1968 anagula makampani a Wingate, ndipo Starr anangozindikira kuti ndi woyimba wa Motown popanda kusankha yekha.

Ku Motown kunali akuluakulu kale, monga Marvin Gaye, Stevie Wonder, Supremes, Temptations ndi Four Tops, ndipo mlendo ankayenera kudikira. Mawu a Starr analinso osiyana ndi amene kampaniyi inazolowera. Anali amphamvu, okhakhala, onga a mlaliki wa m'tchalitchi cha kummwera, pamene Motown inkakonda mawu osalala oti azungu ndi akuda omwe agule. Mwayi wake unafika mu 1969 ndi Twenty-Five Miles, imene anaipeka pamodzi ndi Johnny Bristol ndi Harvey Fuqua. Nyimboyi imasimba za munthu woyenda pansi ulendo wautali kubwerera kwa wokondedwa wake, akuwerenga mtunda umene wamutsalira, ndipo inafika pa nambala 6.

Nyimbo imene ena anaiopa

Mu 1970 nkhondo ya ku Vietnam inali itagawanitsa America. Anyamata ankatengedwa mokakamiza kupita ku usilikali, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondoyo asilikali a America oposa 58,000 anali atafa, osawerengera anthu a ku Vietnam amene anafa ochuluka koposa. Pa 4 Meyi chaka chimenecho, asilikali anawombera ndi kupha ophunzira anayi pa yunivesite ya Kent State ku Ohio, chigawo chimene Starr anakulira, pa zionetsero zotsutsa nkhondo.

Nyimbo ya War anaipeka ndi Norman Whitfield ndi Barrett Strong, ndipo oyamba kuijambula anali a Temptations m'chimbale chawo cha Psychedelic Shack. Ophunzira ambiri analembera makalata ku Motown kupempha kuti nyimboyi ituluke payokha, koma akuluakulu a kampaniyi anaopa kuti gulu lawo lobweretsa ndalama zambiri lingadane ndi ogula amene ankagwirizana ndi nkhondo. Anaganiza zoipereka kwa woyimba wina amene kugwa kwake sikukanaipweteka kampani kwenikweni, ndipo Starr, yemwe anali atavalapo yunifomu ya usilikali, anavomera.

Whitfield anaijambulanso ndi malipenga aukali ndi ng'oma zomveka ngati perete wa asilikali, ndipo Starr anaiyimba mokalipa, ngati munthu wofuna yankho. Uthenga wake ndi wosazungulira: nkhondo ilibe phindu lililonse, imangosiya amayi akulira ana awo ndi anyamata opunduka. Inatuluka mu Juni 1970, ndipo kumapeto kwa Ogasiti inakhala pa nambala 1 ku America, pamene inakhalapo masabata atatu. Ku Britain inafika pa nambala 3. Starr anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Grammy chifukwa cha nyimboyi.

Kutchuka kumeneku kunali ndi mtengo wake. Kampani inafuna kuti abwereze zomwezo, ndipo anatulutsa Stop the War Now, imene siinafike pamene inzake inafika. Mu 1971 anatulutsa Funky Music Sho Nuff Turns Me On, nyimbo ya funk yeniyeni, kenako anayimba nyimbo za m'kanema wa Hell Up in Harlem. Motown itasamukira ku Los Angeles mu 1972, oyimba ambiri a ku Detroit anatsala opanda owalabadira, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 Starr anachoka pakampaniyi.

Mchezo wa kumpoto

Tsidya lina la nyanja, nkhani inali yosiyana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu, m'migodi ya malasha ndi m'mashopu a kumpoto kwa England anali atakonda nyimbo za soul zothamanga za ku Detroit ndi Chicago. Kalabu ya Twisted Wheel ku Manchester, imene inatsegulidwa mu 1963, inkachititsa magule a mchezo, oyamba Loweruka usiku mpaka Lamulungu m'mawa. Pamene anthu a ku London anayamba kutsata nyimbo zatsopano, a kumpoto anakakamirabe kamvekedwe kakale ka 1965 ndi 1966. Dave Godin, mtolankhani amene analinso ndi shopu yogulitsa mbale za nyimbo ku London, anaona kuti ochemerera mpira ochokera kumpoto akabwera mushopu yake ankafuna nyimbo za mtundu umodzimodziwo, ndipo ndiye anafalitsa dzina loti Northern Soul cha m'ma 1970.

Mwambo wa magulewa unali wodabwitsa. Nyimbo imene inalephera kugulidwa ku America ndiyo inali yamtengo wapatali. Ma DJ ankapita ku America kukafufuza mbale zoiwalika m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo akapeza yabwino ankamata pepala pa dzina lake kuti anzawo asaidziwe. Ovina ankathira ufa wa paudala pansi kuti mapazi aziterera, ndipo ankazungulira ndi kudzigwetsa chagada ngati ochita masewera olimbitsa thupi. Panalinso vuto la mapiritsi oletsa tulo, limene linkachititsa kuti apolisi ndi makhonsolo azilimbana ndi makalabuwa. Twisted Wheel inatsekedwa mu 1971, Golden Torch ya ku Tunstall mu 1973, koma mu Sepitembala chaka chomwecho Wigan Casino inayamba michezo yake, imene inkayamba 2 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa. Ku Blackpool Mecca nako, Ian Levine ndi Colin Curtis ankaika nyimbo zawo.

Pakati pa anthu amenewa, Starr sanali woyimba wa nyimbo imodzi. Nyimbo zake za ku Ric-Tic, monga Back Street, Headline News ndi Stop Her on Sight, zinali chakudya cha sabata ndi sabata. Stop Her on Sight itatulutsidwanso ku Britain mu 1968 inafika pa nambala 11, kuposa pamene inafika kwawo. Mosiyana ndi oyimba ambiri amene mbale zawo zinkavinidwa ku Wigan eni ake osadziwa n'komwe, Starr ankabwera yekha kudzayimba m'makalabu a kumpoto, kuphatikizapo Twisted Wheel ndi Wigan Casino, ndipo achinyamatawo ankamuona maso ndi maso, thukuta lili kamukamu.

Kusamuka

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nyengo ya disco inamubwezera pa mndandanda. Mu 1979 nyimbo ya Contact inafika pa nambala 6 ku Britain, ndipo H.A.P.P.Y. Radio inafika pa nambala 9, pamene ku America zonse ziwiri sizinapite kutali chotero. Ataona kumene ntchito yake ikuyamikiridwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anasamukira ku England. Anakhala zaka zingapo m'nyumba yakalekale ya Pooley Hall ku Warwickshire, kenako anasamukira kufupi ndi Nottingham, malo a m'chigawo chapakati amene anali pafupi ndi mizinda ya kumpoto kumene ankayimba kawirikawiri.

Panthawiyi Wigan Casino inali itatsekedwa mu 1981, mafakitale ndi migodi zinali kutsekedwa, koma anthu amene anakulira m'michezo ija sanasiye nyimbo zawo. Starr anapitiriza kuwayimbira m'maholo, m'makalabu a anthu apantchito ndi m'malo atchuthi a m'mbali mwa nyanja. Mu 1987 anayimba nawo m'gulu la Ferry Aid, lothandiza mabanja a anthu amene anafa sitima ya pamadzi itagubuduzika ku Zeebrugge. Anajambulanso ndi kupeka nyimbo ku Motorcity, kampani imene Ian Levine anayambitsa pofuna kusonkhanitsa oyimba akale a Motown. Mu 2000 gulu la Utah Saints la ku Leeds linajambula naye Funky Music mwatsopano, ndipo ana a anthu amene ankavina ku Wigan anamva mawu ake pa wailesi.

Nyimbo ya War nayo siinafe. Gulu la Frankie Goes to Hollywood la ku Liverpool linaiyimba mu 1984, ndipo ya Bruce Springsteen inafika pa nambala 8 ku America mu 1986. Pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, kampani ya mawailesi ya Clear Channel inaiika pa mndandanda wa nyimbo zimene inalangiza mawailesi ake kuti asamaziike, umboni woti patatha zaka 31 inali ikadali yoluma.

Starr anayimba mpaka masiku ake otsiriza. Thupi lake silinabwerere ku Nashville kapena ku Cleveland, koma linaikidwa m'manda a Wilford Hill ku Nottingham. Mng'ono wake, Angelo Starr, anatenga utsogoleri wa gulu lake la The Team ndi kupitiriza kuyimba nyimbo zake ku Britain. Pamene panali Wigan Casino lero pali mashopu, koma michezo ya Northern Soul ikuchitikabe ku Manchester, Blackpool ndi mizinda ina, ndipo mbale zimene Starr anajambula ku Ric-Tic mu 1965 ndi 1966 zikadali m'mabokosi a ma DJ.