Paul Ngozi: Mnyamata wa ku Chibolya amene adayankhulitsa gitala Chinyanja

Akuluakulu a m'boma la Mchinji amene adali anyamata m'zaka za m'ma 1970 akudziwa kuti wailesi ya ku Zambia inkamveka bwino kuno. Nthawi imeneyo dziko la Malawi lidali ndi nyumba youlutsira mawu imodzi yokha, ya MBC, koma anthu a kufupi ndi malire ankangopotoza pang'ono wailesi yawo n'kugwira Lusaka. Limodzi mwa maina amene adatchuka pa wailesi ya ku Zambia masiku amenewo ndi la Paul Ngozi, katswiri wa gitala amene adatenga chamba cha kutsidya kwa nyanja n'kumaimbiramo mavuto a anthu a m'makomboni m'Chinyanja.

Dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo, mfunda umene si wachilendo kuno kwathu. Iye adabadwa m'chaka cha 1949 ndipo adakulira ku Chibolya, limodzi mwa makomboni osauka a mumzinda wa Lusaka. Pamene dziko la Zambia linkalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, Paul adali ndi zaka 15.

Zaka zimenezo ndalama za mkuwa zinkayenda. Anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'maofesi ankagula mawailesi, magalamafoni ndi zimbale zochokera ku Britain ndi America. Anyamata a m'tauni ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi Deep Purple, ndipo aliyense wopeza gitala ankayesa kutsanzira.

Kenaka kudabwera funk, chamba cha anthu akuda a ku America chimene James Brown adachikhazikitsa ndi nyimbo monga Papa's Got a Brand New Bag ya 1965 ndi Cold Sweat ya 1967. Chinsinsi cha funk chili pa ng'oma ndi besi. Oimba onse amatsindika kugunda koyamba pa kugunda kunayi kulikonse, gitala amakhwatchulidwa mwachidule ngati nayenso ndi ng'oma, ndipo kachigawo kamodzi ka nyimbo kamabwerezedwa mpaka ovina atatuluka thukuta. Kwa munthu amene adakulira pa bwalo la gule, zoterezi sizidali zachilendo kwenikweni.

Mu Disembala 1970, James Brown ndi gulu lake adakaimba ku Lusaka ndi ku Ndola. Oimba achinyamata a ku Zambia adadzionera okha munthu wakuda akulamulira nsanja ndi gulu la zida zamagetsi. M'zaka zotsatira kudabuka magulu monga Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, WITCH la Emmanuel Jagari Chanda, Amanaz ndi The Peace. Maimbidwe awo, osakaniza rock, funk ndi kagundidwe ka ng'oma za kumudzi, adapatsidwa dzina loti Zamrock.

Paul adaimbako kanthawi kochepa mu Musi-O-Tunya asadayambitse gulu lake la Ngozi Family. Dzina loti Ngozi lidamuyenera. Pa nsanja ankaimba gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix, ndipo ankamulumikiza ku timakina topondedwa ndi phazi totchedwa fuzz ndi wah-wah. Kamakina koyambako kamachititsa gitala kulira mokhadzula ngati sipika yang'ambika, pamene kachiwiriko kamamuliritsa ngati mwana wakhanda. Kumbuyo kwake kunkakhala Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, mnzake amene nayenso adatulutsa chimbale chake cha My Ancestors, momwe gitala adaimba ndi Paul yemweyo.

Mwayi waukulu udadza chapakati pa zaka za m'ma 1970, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo. Mwadzidzidzi wailesi idasowa nyimbo zokwanira. Makampani monga Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ku Ndola ndi Teal Record Company adayamba kusaka magulu oti ajambule, ena ku DB Studios ku Lusaka, ena mpaka ku Nairobi m'dziko la Kenya.

Gulu la Ngozi Family silidagone. M'chaka cha 1976 lidatulutsa chimbale cha Day of Judgement, ndipo mu 1977 kudabwera 45,000 Volts. M'nyengo yomweyo Paul adatulutsanso The Ghetto m'dzina lake.

Apa ndi pamene mkuluyu adasiyana ndi anzake ambiri. Magulu ena a Zamrock ankakonda kuimba m'Chingerezi, koma Paul ankasakaniza Chingerezi ndi Chinyanja cha mu Lusaka, chija cha pamsika ndi m'mabasi. Maina a nyimbo zake akuchitira umboni: Kumanda Kwa Bambo Wanga, Tikondane, Ulesi Tileke, Atate, Tichenjele. Mu The Ghetto adaimba za umphawi wa m'komboni, za makolo otaya ana chifukwa cha mowa ndi za anthu otaya mtima mpaka kufuna kudzipha. Mu Nizakupanga Ngozi adachenjeza mlendo wamiseche kuti akafika panyumba ya mwini azikhala ndi ulemu.

Kunena zoona, uwu ndi mwambo wakale wa nyimbo za pamtondo, pomwe mayi amadzudzula mwamuna woledzera kapena mnansi wakazitape kudzera m'nyimbo. Paul adangochotsa mtondo ndi munsi n'kuikapo gitala wamagetsi. N'chifukwa chake nyimbo zake zinkamveka kwa mnyamata wa m'tauni komanso kwa mlimi wa mtedza wa ku Chipata kapena Mchinji, amene chilankhulo chawo n'chimodzi ngakhale pakati pawo pali chipata cha Mwami.

Komatu kuno ku Malawi maimbidwe otere sakadaphuka chimodzimodzi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu mu 1968, ndipo mu 1973 lidakhwimitsa malamulo a kavalidwe. Amayi sankaloledwa kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, pamene abambo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Choncho mnyamata wa ku Mchinji ankatha kumva gitala wa Ngozi pa wailesi, koma kuvala ngati anyamata a Zamrock kukadamuika m'madzi otentha.

Chisangalalo cha ku Zambia nacho sichidakhalitse. Mtengo wa mkuwa udagwa kwambiri mu 1975, ndipo dziko limene linkadalira migodi pafupifupi pa chilichonse lidalowa m'ngongole. Anthu adayamba kufola pa mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira, moti chimbale chidasanduka chinthu cha anthu opeza bwino okha.

Pamwamba pa izi padali nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe. Dziko la Zambia linkasunga omenyera ufulu, ndipo mu 1978 ndi 1979 asilikali a Rhodesia ankalowa m'dzikomo kudzaphulitsa misasa, ina kufupi ndi Lusaka. Boma lidaletsa kuyenda usiku ndipo magetsi ankazimitsidwa. Magulu amene ankadya za madansi a usiku adaona zakuda. Paul sadakhale chete pa nkhaniyi: mu 45,000 Volts muli nyimbo yodandaulira anthu a ku Zimbabwe.

Pofika zaka za m'ma 1980, makutu a anthu adali atatembenukira ku disco, rumba ya ku Zaire ndi kalindula. Makaseti okopedwa mwachinyengo adadzaza m'misika, oimba osapezapo kanthu. Paul adapitirizabe kuimba ndi kujambula, koma nyengo ya Zamrock idali itapita.

Chomaliza chidali mliri wa Edzi, umene udasesa oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa anyamata asanu amene adatchukitsa gulu la WITCH, Jagari yekha ndiye adatsala. Paul Ngozi adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha, ndipo olemba mbiri ya Zamrock amamuwerengera pamodzi ndi amene adapita ndi mliriwu. Pomulemekeza, msewu wina ku Kabwata mumzinda wa Lusaka udapatsidwa dzina lake.

Kwa zaka zambiri zimbale zake zidangokhala m'masutikesi ndi pansi pa mabedi, zina zitakandika, zina ana atazisandutsa zoseweretsa. Zinthu zidasintha pamene anthu osonkhanitsa zimbale zakale ku Ulaya ndi America adayamba kuzisaka. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles idatulutsanso zimbale za Ngozi Family, ndipo mu 2017 idasonkhanitsa nyimbo za magulu osiyanasiyana m'zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock!

Mu Okutobala 2024, woimba wa ku America Tyler, the Creator adatulutsa nyimbo ya Noid, momwe adaikamo mawu a Paul ochokera mu Nizakupanga Ngozi. Chimbale cha Chromakopia, momwe muli nyimboyi, chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard 200. Patatha zaka 35 mwini wake ali m'manda, achinyamata a ku New York ndi London ankafufuza pa intaneti tanthauzo la mawu amene mwana aliyense wa pa Kamwendo kapena Mkanda angawamve popanda womasulira.

Mwa nyimbo zonse za Paul, imene idawoloka nyanja ndi mphamvu yotere ndi ya Chinyanja, yonena za mlendo wamiseche. Oimba achinyamata a masiku ano, amene ena amaganiza kuti kutchuka kunja n'kuimba ngati Mmereka, ali ndi phunziro pamenepa. Ndipo mabanja amene akusungabe zimbale ndi makaseti a makolo awo asafulumire kuzitaya kudzala, chifukwa nyimbo zambiri za m'badwo umenewo zidapulumuka kudzera m'zimbale zakale zoterezi.