VINCENT DE PAUL WOYERA: WANSEMBE AMENE ANAYAMBA NDI KUFUNA CHUMA

Ambirife dzina la Vincent de Paul timalimva m'maparishi mwathu, pamene a bungwe lotchedwa dzina lake akusonkhetsa ufa ndi zovala za okalamba ndi odwala. Mwina timayesa kuti munthuyu anabadwa ali wachifundo kale. Ayi ndithu.

Anabadwa m'chaka cha 1581 m'mudzi wa Pouy, kufupi ndi Dax, m'dziko la France. Makolo ake anali alimi wamba, ndipo iye ali mwana ankaweta ziweto. Bambo ake anamutumiza kusukulu ku Dax, kenaka anagulitsa ng'ombe ziwiri zolimira kuti akapitirize maphunziro ku Toulouse. Koma sukulu inamulowetsa kunyada. Tsiku lina bamboyo, amene ankayenda motsimphina ndiponso sankavala bwino, atabwera kudzamuona, mnyamatayo anakana kutuluka chifukwa cha manyazi. Atakalamba ankaiulula yekha nkhaniyi kwa anzake mwachisoni. Ife amene makolo athu amabwera kuseminale pa njinga atanyamula kathumba ka mtedza, nkhani imeneyi isangotidutsa.

Anadzozedwa unsembe mu 1600 ali ndi zaka 19 zokha. Chimene ankafuna n'kupeza udindo wolipira bwino kuti adzapume kwawo ndi kusamala abale ake. Pofika 1610 anali ku Paris, akugwira ntchito yogawa zachifundo m'dzina la mfumukazi Marguerite de Valois. Ntchito yabwino ndithu, koma kwa iye inali ganyu chabe.

Louis Abelly, amene anayamba kulemba mbiri yake mu 1664, akusimba kuti nthawi imeneyo Vincent ankathandiza katswiri wina wa zaumulungu amene ankazunzika ndi chikayiko. Vincent anapempha Mulungu kuti mtolowo ugwere iye. Katswiri uja anapeza mtendere, koma Vincent analowa mumdima kwa zaka zitatu kapena zinayi. Kupemphera kunamukanika. Analemba pemphero la chikhulupiriro chathu papepala, n'kulisunga pachifuwa, ndipo chikayiko chikamupanikiza ankangogwirapo ndi dzanja. Ankayenderanso odwala m'chipatala. Mdimawo unamuchoka pamene anatsimikiza mtima kupereka moyo wake wonse kutumikira amphawi chifukwa cha Yesu Khristu. Chikhulupiriro chake sichinatsitsimuke ndi mabuku, ngakhale anali wophunzira, koma pambali pa mabedi a odwala.

Wina angaganize kuti ndiye kuti ntchito zabwino n'zokwanira. Chaka cha 1617 chinamuphunzitsa zina. Mu Januwale anamuitana ku Gannes kwa mlimi wina amene anali pafupi kufa. Mudzi wonse unkamudziwa ngati munthu wolungama. Koma atalapa, mlimiyo anaulula yekha poyera kuti kwa zaka zambiri ankabisa machimo aakulu chifukwa cha manyazi, ndi kuti popanda kulapa kumeneku akadatayika. Mbiri yabwino sinamupulumutse. Chinamupulumutsa ndi chifundo cha Mulungu. Pa 25 Januwale Vincent analalikira za kulapa ku Folleville, ndipo anthu anakhamukira ku Sakramenti mwakuti anachita kuitanitsa ansembe ena odzamuthandiza.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, ali bambo mfumu ku Châtillon-les-Dombes, anamva za banja lina limene onse anali chigonere popanda owasamala. Anazinena pa ulaliki, ndipo madzulo ake njira yonse inadzaza ndi anthu onyamula chakudya. Vincent anaona kuti chakudyacho chiwonongeka, ndipo mawa banjalo ligonanso ndi njala. Choncho anasonkhanitsa amayi n'kuwaikira malamulo oti azisinthana masiku. Chifundo nachonso chimafuna dongosolo.

Miyezi iwiriyi ikulongosola zimene Msonkhano wa ku Trent unaphunzitsa mu 1547 poyankha Martin Luther ndi anzake: chaulere cha Mulungu sichigulidwa ndi ntchito iliyonse, komabe chikhulupiriro chopanda chikondi n'chakufa, monga ikunenera kalata ya Yakobo. Zonse zimene Vincent anayambitsa pambuyo pake zinaima pa miyendo iwiri imeneyi. Mu 1625 anakhazikitsa chipani cha ansembe olalikira kumidzi, ndipo mu 1633, pamodzi ndi Louise de Marillac, anayambitsa chipani cha asisteri otumikira odwala m'makomo mwawo m'malo motsekeredwa m'konventi. Anasamalanso akaidi opalasa zombo za mfumu ndi makanda otayidwa m'misewu ya Paris, namanga maseminale.

Pamene chiphunzitso cha Jansenius chinafala, chonena kuti Khristu sanafere anthu onse ndi kuti munthu sangakane chaulere, Vincent analimbana nacho ngakhale mmodzi wa atsogoleri ake, Saint-Cyran, anali atakhalapo bwenzi lake. Ankaona kuti chikuopseza anthu wamba mpaka kuthawa Ukaristia. Analimbikitsa aepiskopi kulembera Papa, ndipo mu 1653 Papa Innocent X anatsutsa mfundo zisanu za chiphunzitsocho.

Anamwalira ku Paris pa 27 Seputembala 1660, miyendo itamukanika kuyenda. Analengezedwa woyera mu 1737. Bungwe lija la m'maparishi mwathu sanaliyambitse iye: analiyambitsa ndi Frédéric Ozanam ndi anzake mu 1833, anyamata a payunivesite ya ku Paris, anzawo osakhulupirira atawafunsa monyoza kuti awaonetse ntchito za chikhulupiriro chawo.