Lawrence Katilungu: Mtsogoleri wa Anchito a m'Migodi Amene Bwanamkubwa Anali Kumuopa

Ana a masiku ano amene amaponya voti ndi kusankha aphungu ao angavutike kumvetsa mmene makolo ao anali kulankhulila ndi boma m'masiku a Northern Rhodesia. Malamulo anali kupangidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Lusaka, koma lamulo silinali kugwira nchito kufikira Bwanamkubwa, woimira Mfumu ya ku Mangalande, atalisaina. Azungu anali ndi voti, ndipo pamene lamulo silinawakomere anali kutuma aphungu ao. Anthu akuda, kupatula ochepa kwambiri, analibe voti. Cimene cinawatsalira cinali kupempha: kulemba kalata, kuipereka kwa Bwana D.C., ndi kuyembekeza kuti ifike m'manja mwa Bwanamkubwa. Makalata otere anali kulandiridwa mwaulemu, koma si kawirikawiri kuti asinthe kanthu.

Komabe kunali gulu limodzi la anthu akuda limene mau ao sanali otheka kuwatsekera m'kabati, ndilo la anchito a m'migodi ya mkuwa. Cuma ca dziko cinali kucokera m'manja mwao. Kwa zaka zoposa khumi munthu amene anali kutsogolo kwao anali Lawrence Chola Katilungu.

A Katilungu anabadwa mu 1914 kumpoto, m'dziko la Abemba, m'banja la ufumu. Ataphunzira pa mishoni anayamba ndi kuphunzitsa, koma monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo anatsata njira ya ku migodi. Mu 1936 analembedwa nchito ya pansi pa mgodi wa Nkana ku Kitwe, ndipo pambuyo pace anakwezedwa kukhala kalaliki. Caka cimodzi iwo asanafike, mu 1935, anchito anali atacita sitalaka yoyamba cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya. Mu 1940 Azungu a m'migodi anacita sitalaka nalandira zimene anafuna. Anthu akuda atayesa comweco, asilikari anaombera khamu pa Nkana ndipo anthu 17 anafa. A Katilungu anali pakati pa atsogoleri a sitalaka imeneyo. Itatha anapita ku Belgian Congo kumene anagwira nchito m'malonda a nsomba, nabwerera ku Nkana mu 1947.

Ndikhulupirira kuti mwazi wa 1940 ndiwo unaumba munthuyu. Anaona ndi maso ace cimene cimacitika pamene khamu laukali, lopanda dongosolo ndi lopanda thumba la ndalama, liima pamaso pa mfuti.

Atabwerera anapeza kuti boma la Labour ku London latumiza William Comrie kudzathandiza anthu akuda kukhazikitsa mabungwe a anchito. Mu 1948 a Katilungu anasankhidwa kutsogolera bungwe la pa Nkana, ndipo mu 1949 mabungwe a migodi inai, Nkana, Mufulira, Roan Antelope ndi Nchanga, anaphatikizana kukhala African Mineworkers' Union, iwo ali pulezidenti wace. M'caka comweco lamulo la mabungwe a anchito linapangidwa, ndipo bungwe la anthu akuda linakhala lololedwa monga la Azungu. Sicinali cinthu capafupi kusonkhanitsa Abemba, Anyanja, Alozi, Anyakyusa ndi mitundu ina ya m'makomboni pansi pa mtsogoleri mmodzi, pakuti makampani anazolowera kulankhula ndi anchito kupyolera mwa akulu a mitundu. Mu 1953 anchito eni ace anavota kuti udindo wa akulu amenewo uthe.

Mphamvu ya bungweli inaoneka mu Okutobala 1952. Anchito anapempha kuti aonjezeredwe masheleni 2 ndi mapeni 8 pa shifiti, makampani anakana, ndipo anthu pafupifupi 37,000 anaika zida pansi kwa masabata atatu. Panalibe kuponya miyala, panalibe kuombera. Nkhaniyo inaperekedwa kwa mkhalapakati, C. W. Guillebaud wa ku Cambridge, amene kuciyambi kwa 1953 anagamula kuti malipiro akwere ndithu. Kuyambira pamenepo boma linadziwa kuti ku Kitwe kuli munthu amene angathe kuimitsa migodi yonse ndi mau amodzi, ndi kuitsegulanso ndi mau amodzi.

Tsono nthawi yomweyo dziko linali pa moto ndi nkhani ya Citaganya ca Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, cimene Roy Welensky ndi anzace anali kucifuna. Anthu akuda anacikana pa khomo liri lonse limene analoledwa kugogoda. Anacikana m'makhonsolo a m'matauni, m'makhonsolo a zigawo, ndi m'bungwe la African Representative Council. Ku Ndola anyamata monga Justin Chimba ndi Reuben Kamanga anapanga komiti yolimbana ndi Citaganya pamodzi ndi Simon Zukas, amene boma linamupirikitsa m'dziko mu 1952. Mafumu oposa 100 anasaina kalata yopita kwa Mfumukazi. Pempho lao kwa Bwanamkubwa, Sir Gilbert Rennie, linali limodzi: iye ndiye anaikidwa kuteteza anthu a dziko lino, cotero auze London kuti eni dziko akana. N'zoona kuti mau otsiriza anali a Nyumba ya Malamulo ya ku Mangalande, koma mau a Bwanamkubwa anali olemera kumeneko.

Harry Nkumbula, pulezidenti wa Congress, amene nayenso anaphunzitsapo ku Mufulira ndi ku Kitwe, anaona kuti makalata sakuthandiza. Mu Malici 1953 anatentha pagulu ku Lusaka cikalata ca boma cofotokoza Citaganya, naitana dziko lonse kuti pa 1 ndi pa 2 Epulo pakhale masiku awiri a mapemphero, munthu ali yense osapita ku nchito. Onse anadziwa kuti mapempherowo adzamveka kwa Bwanamkubwa pokhapokha ngati migodi iima. Maso onse anapenya kwa a Katilungu, amene anali m'komiti ya Congress yokonza zocita.

Iwo sanaitane anchito ao. Boma linali litacenjeza kuti wosapita ku nchito adzacotsedwa, ndipo anchito a m'migodi anali atangolandira kumene malipiro atsopano. A Katilungu anaona kuti bungwe limene analimanga ndi thukuta likhoza kuphwanyika m'masiku awiri cifukwa ca nkhondo imene Azungu anali atapambana kale ku London. Ku Mufulira ambiri anakhala kunyumba, koma m'migodi ina makina anapitiriza kulira. M'mwezi womwewo Nyumba ya Malamulo inabvomereza Citaganya, ndipo mau a aphungu awiri akuda, Dauti Yamba ndi Paskale Sokota, anamira pakati pa ambiri. Citaganya cinayamba caka comweco. Mu 1954 Sir Gilbert Rennie, amene anthu anamudandaulira kwa zaka zonsezo, anapita ku London kukakhala kazembe wa boma la Citaganya.

Kodi migodi ikadaima, Citaganya cikadalephereka? Ndikaika. Masiku awiri sakadatembenuza boma la Churchill. Koma anthu a ndale sanawakhululukire a Katilungu, ndipo anali ndi cifukwa: pa tsiku limene dziko linafuna kuonetsa Bwanamkubwa kuti pempho lace liri ndi mano, mwini mano anatseka pakamwa. Kuyambira 1953 dzina lao linanyamula zinthu ziwiri, ulemu wa anchito ndi cikaiko ca omenyera ufulu.

Zaka zotsatira sizinali zofewa. Sitalaka ya kuciyambi kwa 1955, yopempha masheleni 10 ndi mapeni 8 pa shifiti, inatha pafupifupi miyezi iwiri ndipo phindu lace linali laling'ono. Makampani anabvomereza bungwe lina la makalaliki ndi akapitao, lotsogozedwa ndi Godwin Mbikusita Lewanika, ndipo ici cinacotsa m'bungwe lalikulu anthu ophunzira amene anali msana wace. Mu 1956 anchito anayankha ndi masitalaka osinthana, lero mgodi uwu, mawa uja. Mu Seputembala boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi ku Copperbelt, linamanga atsogoleri ambiri a bungwe pamodzi ndi mlembi wamkulu Matthew Nkoloma, ndipo pambuyo pace ambiri analetsedwa kukhala ku migodi. A Katilungu sanamangidwe. Anatsala kutola zidutswa za bungwe, koma kusamangidwa kwaoko kunakhalanso mlandu m'maso mwa adani ao.

Mu 1960 anabvomera kukhala m'komishoni ya Lord Monckton yofufuza tsogolo la Citaganya, pamene UNIP ndi Congress anali atauza anthu kuti asaonekere pamaso pace. Codabwitsa n'cakuti lipoti la komishoniyo linanena zimene mafumu ndi makhonsolo anali kunena kuyambira kale, kuti anthu akuda a kumpoto amadana ndi Citaganya, ndipo linalangiza kuti dziko lofuna kuturukamo lipatsidwe mpata. Welensky anakwiya nalo kwambiri. Koma kwa a Katilungu mtengo wace unali waukulu: kumapeto kwa caka comweco anchito anawacotsa pa mpando, ndipo John Chisata analowa m'malo mwao.

Pamenepo munthu amene anakana kusakaniza bungwe ndi ndale analowa m'ndale kotheratu. Mu 1961, a Nkumbula ali m'ndende, iwo ndiwo anagwirizira upulezidenti wa African National Congress. Sanakhalitse. Mu Novembala caka comweco anafa pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 47. Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Bwanamkubwa wotsiriza, Sir Evelyn Hone, anatula udindo pa 24 Okutobala 1964. Bungwe lija linadzachedwa Mineworkers Union of Zambia, ndipo nyumba ya likulu lace ku Kitwe inapatsidwa dzina lakuti Katilungu House.