Harry Mwaanga Nkumbula: Mphunzitsi wa ku Kafue Amene Analowa Koleji Ali ndi Zaka 30

Aphunzitsi anzanga, pa misonkhano yathu kawirikawiri pamamveka dandaulo limodzimodzi kuchokera kwa iwo amene akhala pa ntchito zaka zambiri. Amati mtima wofuna kuonjezera maphunziro ulipo ndithu, koma nthawi inapita kale, ndipo n'chamanyazi kuti munthu wandevu, wa banja ndi ana, akakhale pa benchi limodzi ndi anyamata amene mwina iye yemwe ndiye anawaphunzitsa kugwira pensulo. Chifukwa cha dandaulo limeneli ndayesa kuti nkwabwino tikumbukire moyo wa mphunzitsi mnzathu wa Mishoni amene anakhalapo pa benchi lotero, ndiye Bambo Harry Mwaanga Nkumbula.

Bambo Nkumbula anabadwa m'chaka cha 1916 pa mudzi wa Maala, m'boma la Namwala, pakati pa Aila, anthu otchuka ndi ng'ombe zimene amadyetsa m'madambo a mtsinje wa Kafue. Anayamba sukulu m'manja mwa Mishoni ya Methodist, ndipo atasinkhuka anapita ku Kafue Training Institute, sukulu imene Mbusa John Fell anaiyambitsa pafupi ndi mtsinje womwewo. Inu amene mumadziwa Kafue wa makono musaganize za nyumba za ku Kafue Estates ndi mafakitale ake, pakuti zonsezo zinadza ufulu utabwera kale. Masiku amenewo mbiri ya Kafue inali njanji, mlatho ndi sukulu ya Mishoni, kumene anyamata anaphunzira za m'mabuku pamodzi ndi ulimi ndi ntchito za manja. Sukuluyo ndiyo imene pambuyo pake inasanduka Kafue Boys Secondary School.

Kumeneko anatsiriza Standadi 6 m'chaka cha 1934, ali ndi zaka 18. Apa tiime pang'ono, chifukwa apa ndipo pagona nkhani yonse. M'chaka chimenecho, m'dziko lonse la Northern Rhodesia munalibe sukulu ya sekondale ya anthu akuda ngakhale imodzi. Makalasi a sekondale a ku Munali, mu Lusaka, anayamba mu 1939, pamene Bambo Nkumbula anali ndi zaka 23 ndipo anali atagwira kale choko zaka zingapo. Tsono mnyamata wanzeru wa 1934 akanapita kuti? Makwerero anathera pomwepo. Zaka 12 zimene zinapita asanaone khomo la koleji sizinatayike chifukwa cha ulesi kapena kupereŵera nzeru. Zinali zaka zimene Boma la nthawi imeneyo linalanda mbadwo wonse.

Anayamba kuphunzitsa kwawo ku Namwala. Mu 1938 analoŵa ntchito ya mamishoni ogwirizana a ku migodi ya mkuwa, nakaphunzitsa ku Mufulira, ndipo pambuyo pake ku Kitwe, kumene anakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Wusakile. Ku migodi anaona ndi maso ake umo anthu ochokera ku mitundu yonse ankakhalira m'makomboni, malipiro awo ndi kusiyanitsidwa kwawo ndi Azungu. Pa nthawi ya nkhondo yachiŵiri anakhala mlembi wa bungwe loona za ubwino wa anthu akuda ku Mufulira, nathandizanso kuyambitsa bungwe lotero ku Kitwe. Ntchito ya mlembi ndi yonyozeka m'maso mwa ambiri: kulemba zokambirana, kulemba makalata opita kwa Bwanamkubwa wa boma, kudikira yankho losabwera. Koma m'menemo ndimo munthu amaphunzira kuika dandaulo la anthu ambiri m'mawu oŵerengeka amene wolamulira sangathe kuwanyalanyaza.

Atapitako ku sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana, mu 1946 njira inatseguka. Mothandizidwa ndi Sir Stewart Gore-Browne, Mzungu wa ku Shiwa Ng'andu amene ankalankhulira anthu akuda m'Nyumba ya Malamulo, anapita ku Makerere College, mu mzinda wa Kampala ku Uganda. Anali ndi zaka 30.

Aliyense wa ife angathe kuyeza yekha kulemera kwa chinthu chimenechi. Dzulo unali mphunzitsi wamkulu, ana ankaimirira ukamaloŵa, makolo ankavula zipewa. Lero ndiwe wophunzira wa chaka choyamba, ndipo ambiri a anzako ndi anyamata ochokera molunjika ku masekondale otchuka a Uganda, Kenya ndi Tanganyika, amene masamu ndi sayansi zikali zatsopano m'mitu mwawo pamene iwe sunazikhudzepo. Ukalakwa pa bolodi, walakwa pamaso pa ana. Ine ndiyesa kuti ambiri amene amakana kubwerera ku sukulu saopa mabuku ayi. Amaopa kutsika pa mpando umene anauzoloŵera. Bambo Nkumbula anatsikapo, ndipo sanatsike kamodzi kokha, pakuti atachoka ku Makerere anaoloka nyanja kunka ku London, kumene analandira dipuloma ya uphunzitsi ku Institute of Education, nayambanso maphunziro a zachuma ku London School of Economics.

Ku London anakumana ndi munthu wina wochedwa koposa iye, Dr. Hastings Kamuzu Banda wa ku Nyasaland, amene anakaloŵa sukulu ya Wilberforce ku America mu 1925 ali munthu wamkulu kale, ndipo anatsiriza za udokotala ku Meharry mu 1937. Aŵiriŵa mu 1949 analembera pamodzi chikalata chokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kodi mnyamata wa zaka 20, wongochoka kumene ku sekondale, akanalemba chiyani m'chikalata chotero? Zimene Bambo Nkumbula anaikamo zinachokera ku Namwala, ku Mufulira ndi ku Wusakile, m'zaka zomwe zija zimene wina angaziŵerenge ngati zotayika.

Sitibisa chimene chinatsatira, popeza mbiri yobisa zopunthwa sithandiza munthu. Ku London School of Economics mayeso anamkanika, ndipo kumayambiriro kwa 1950 anabwerera kwawo wopanda digiri. Ndale zinali zitamdyera nthawi yambiri ya mabuku. Ili ndi tsoka lenileni la wophunzira wachikulire, ndipo aphunzitsi amene akonzeka kupita aliganizire: mnyamata ali ndi ntchito imodzi yokha, koma wamkulu amafika ku koleji atasenza kale nkhani za anthu ake, ndipo nkhanizo sizidikira kuti mayeso athe. Manyazi obwerera chimanjamanja, pamudzi pamene onse anakuperekeza ndi chiyembekezo, amaposa manyazi okhala pakati pa ana.

Komabe sanabisale. Mu 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress ya anthu akuda a Northern Rhodesia, m'malo mwa Bambo Godwin Mbikusita Lewanika. Mu 1953 anatentha poyera mu Lusaka chikalata cha Boma la Britain chokhazikitsa Chitaganya, ndipo mu 1955 anaponyedwa m'ndende miyezi iŵiri pamodzi ndi mlembi wake, Bambo Kenneth Kaunda, amenenso anali mphunzitsi. Mu 1958 aŵiriŵa anapatukana, achinyamata ambiri atatsata Bambo Kaunda ponena kuti mkuluyo ankayenda pang'onopang'ono.

Chisankho cha 1962 chinaika mphamvu yaikulu m'manja mwake, pakuti panalibe chipani chimene chikanalamulira popanda iye. Anasankha kugwirizana ndi Bambo Kaunda, ndipo m'boma loyamba la anthu akuda mphunzitsi wa Standadi 6 ya ku Kafue uja, wopanda digiri, anakhala Nduna ya Maphunziro a Anthu Akuda. Ali pa mpandowo, mu 1963, bungwe la Sir John Lockwood linapereka maganizo akuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake, ndiponso kuti anthu a pa ntchito apatsidwe mwayi wophunzira ali kwawo. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo posakhalitsa inayamba kuphunzitsa ndi makalata, njira imene aphunzitsi ambiri a kumidzi anapezera madigiri awo imvi zitayamba kale.

Ufulu utafika mu 1964, Bambo Nkumbula anatsogolera mbali yotsutsa m'Nyumba ya Malamulo kufikira pangano la ku Choma la mu June 1973, pamene analoŵa chipani cholamula. Anamwalira pa 8 October 1983, ali ndi zaka 67. Bwalo la ndege la ku Livingstone linatchedwa dzina lake.