Vagn Walfrid Ekman: Wophunzira Amene Anamasulira Mwambi wa Nyanja

Pakati pa 1893 ndi 1896, Fridtjof Nansen wa ku Norway analola dala kuti sitima yake, Fram, igwidwe m'madzi oundana a nyanja ya Arctic ndi kutengedwa nawo. Ali komweko anaona chodabwitsa. Madzi oundanawo sankalunjika kumene mphepo inkalowera, koma ankapatukira kudzanja lamanja ndi madigiri 20 kufikira 40.

Nansen atabwerera kwawo, katswiri wina, Vilhelm Bjerknes, anatula mwambi umenewu m'manja mwa Vagn Walfrid Ekman, wophunzira wa pa sukulu ya ukachenjede ya Uppsala, wobadwira ku Stockholm m'dziko la Sweden mu 1874. Ekman anaumasulira ndi masamu, ndipo mu 1905 anasindikiza mayankho ake onse.

Tanthauzo lake nali. Mphepo ikakankha madzi a pamwamba, kuzungulira kwa dziko lapansi kumawapatutsira kumanja. Madziwo nawo amakoka anzawo a pansi, amene amapatuka moposerapo koma mofooka. Tikaphatikiza madzi onse otengedwa ndi mphepowo, tipeza kuti amayenda chopingasa, madigiri 90 kumanja kwa mphepo. Kumwera kwa Equator amalowera kumanzere. Ndiye chifukwa chake mphepo yoomba motsata gombe la Namibia kapena la Peru imakankhira madzi kutali ndi mtunda, madzi ozizira a chonde nakwera kuchokera pansi, nsomba nizichuluka.

Ekman anaphunzitsa ku Lund kuyambira 1910 kufikira 1939, ndiponso anapanga chida choyezera liwiro la madzi. Anali munthu wosapupuluma. Zimene anayeza pa ulendo wa panyanja wa mu 1930 anazisindikiza mu 1953, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lero makompyuta amagawa nyanja m'timagawo tambirimbiri. M'kagawo kalikonse amawerengera mphamvu ya mphepo, kukhuzana kwa madzi ndi kuzungulira kwa dziko, motero amalosera kumene madzi ndi madzi oundana adzalowere mawa. Oyendetsa sitima m'nyanja ya Baltic m'nyengo yachisanu, ndiponso ofunafuna anthu otayika panyanja, amadalira ulosi wotere. Inu amene mumayesa masamu chilango cha m'kalasi, kumbukirani kuti maziko ena a ntchito yopulumutsa miyoyo imeneyi anawayala ndi wophunzira, ndi cholembera ndi pepala basi.