Mbiri ya Alberto Santos Dumont, munthu amene ankapita kokamwa khofi pa chibaluni

Lero takutengerani mbiri ya malemu Alberto Santos Dumont a ku Brazil, dziko lomwe anthu ake amalankhula Chipwitikizi monga kuno kwathu. Kwawoko amawatcha tate wa ndege. Bambowa sadali msilikali, sadalinso munthu wamalonda. Adali munthu wokonda kuuluka basi, ndipo ankafuna kuti kuyenda mumlengalenga kukhale chinthu wamba, monga momwe munthu amatengera njinga kupita kumsika kapena kuchigayo. Nzeru zawo adazigawa ulele. Koma ena adazitenga n'kukamenyera nkhondo, ndipo zimenezi zidawaswa mtima mpaka tsiku la imfa yawo.

Ubwana wawo

Alberto adabadwa pa 20 Julayi 1873 pamalo otchedwa Cabangu, m'chigawo cha Minas Gerais. Bambo ake, a Henrique Dumont, adali injiniya, ndipo pambuyo pake adagula esiteti ya khofi pafupi ndi tauni ya Ribeirão Preto, m'chigawo cha São Paulo. Kukula kwa esitetiyo kudali kwakuti idali ndi njanji yakeyake yotutira khofi kuchokera kuminda.

Akuluakulu adati m'mera m'poyamba. Mnyamatayu ankakonda kukhala m'nyumba ya makina okonzera khofi, kupenyetsetsa momwe malamba ndi magudumu akuyendera, ndipo makina akafa ankathandiza kukonza. Pofika zaka 12 ankaloledwa kuyendetsa sitima ya pa esitetipo. Ankawerenga mabuku a Jules Verne, mlembi wa ku France wopeka nthano za maulendo a mumlengalenga ndi a pansi pa nyanja. Ankaulutsa makaiti, ndipo pa chikondwerero cha Yohane Woyera m'mwezi wa Juni ankapanga timabaluni tamapepala tokwera m'mwamba ndi mpweya wotentha.

Padali sewero lina la ana lomwe mmodzi ankatchula zinthu, anzake n'kumakweza chala ngati chinthucho chimauluka. Akatchula nkhunda, onse ankakweza. Akatchula munthu, Alberto yekha ndiye ankakweza chala. Anzake ankamuseka, koma iye sankavomera kuti walakwa.

Bambo ake atachita ngozi yomwe idawapuwalitsa, adagulitsa esiteti ija. M'chaka cha 1892 adamupatsa Alberto gawo lake la chuma n'kumulangiza kuti apite ku Paris, likulu la dziko la France, akaphunzire za makina ndi magetsi. Chaka chomwecho bambowo adamwalira.

Moyo wa ku Paris

Atakhazikika ku Paris, a Santos Dumont adayamba ndi kukonda galimoto ndi njinga zamoto za magudumu atatu. Ulendo wawo woyamba wa mumlengalenga udachitika mu 1898, pa chibaluni cha eni ake. Chibaluni chotere ndi thumba lalikulu la nsalu lomwe amalidzaza mpweya wopepuka kuposa umene timapumawu, monga wotchedwa hayidirojeni. Pansi pake amamangirira dengu lokhalamo anthu. Pofuna kukwera amataya mchenga womwe anyamula m'matumba, pofuna kutsika amatulutsako mpweya uja. Vuto lake ndi limodzi: chimapita komwe mphepo yafuna, osati komwe mwini ulendo akufuna.

Chaka chomwecho adasoketsa kabaluni kawokawo ka nsalu ya silika, n'kukatcha Brasil. Kadali kakang'ono kotero kuti akakapinda kankakwana m'sutikesi. Koma kungotengeka ndi mphepo sikudawakwanire. Adasoketsa china chachitali ngati nkhaka, n'kuikako injini ya petulo yochokera ku njinga yamoto, mapiko ozungulira okankha mphepo, ndi chiwongolero kumbuyo. Anthu adawachenjeza kuti kuika injini pansi pa mpweya wosachedwa kuyaka ndi kudziputira imfa. Iwo adaulutsa chibalunicho mu Sepitembala 1898, n'kuchitcha Nambala 1. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ankapanga ankachipatsa nambala. China chikagwa n'kung'ambika, ankaona pomwe palakwika n'kuyamba chotsatira.

Bambowa adali aafupi ndi ochepa thupi, olemera makilogalamu pafupifupi 50, zomwe zinkawathandiza chifukwa mumlengalenga kilogalamu iliyonse imawerengedwa. Ankavala mwaudongo kwambiri, suti, kolala yaitali ndi chipewa chofewa chogwera m'mbali, ngakhale popita kokagwira zamafuta. Kunyumba kwawo adapangitsa tebulo ndi mipando ya miyendo yaitali kuposa msinkhu wa munthu, moti alendo ankachita kukwera makwerero kuti adye nawo. Cholinga chidali choti thupi lizolowere kukhala pamwamba. Sadakwatire ndipo sadabereke mwana.

Mphotho yomwe sadadyeko

Munthu wina wachuma wogulitsa mafuta, a Henri Deutsch de la Meurthe, adalonjeza ndalama za ku France zokwana ma franc 100,000 kwa aliyense amene anganyamuke ku Saint-Cloud, kukazungulira nsanja yachitsulo ya Eiffel n'kubwerera pasanathe mphindi 30. Ulendo wonse udali wa makilomita pafupifupi 11.

Pa 8 Ogasiti 1901, Nambala 5 idataya mpweya ili m'mwamba n'kukagwera pa hotela ya Trocadéro. A Santos Dumont adatsala lende pakhoma lalitali mpaka ozimitsa moto adawapulumutsa. Patangotha milungu yochepa Nambala 6 idali itatha kale. Pa 19 Okutobala 1901 adazungulira nsanja ija n'kubwerera, namtindi wa anthu ukuonerera. Oweruza adakangana kwa masiku angapo pa nkhani ya timphindi tochepa, koma pomaliza adawapatsa mphothoyo.

Ndalamazo sadaziike m'thumba. Gawo lina adagawira amisiri omwe ankasoka nsalu ndi kukonza injini zawo. Gawo lalikulu adalipereka kwa osauka a mu Paris, makamaka anthu antchito omwe adapinyolitsa zida zawo chifukwa cha umphawi, kuti akaziwombole.

Kabaluni koyendera m'tauni

Mu 1903 adapanga Nambala 9, kakang'ono ndiponso kosathamanga. Apa ndi pomwe anthu adaona chomwe bambowa ankafuna kwenikweni. Ankakakwera ngati njinga. Ankauluka nako pamwamba pa madenga, kutsikira pakhomo pa nyumba yodyera, kukamangirira, kudya, n'kupitiriza ulendo. M'mawa wina mu Juni chaka chimenecho adatera pamsewu waukulu wa Champs-Élysées, pakhomo pa nyumba yawo, n'kulowa kukamwa khofi, anthu atagwirira zingwe panja. Mwezi womwewo adaphunzitsa mtsikana wina wa ku America, Aida de Acosta, n'kumulola kuti akayendetse yekha, iwo akutsatira pansi pa njinga.

Masiku amenewo amuna ankasunga wotchi m'thumba, yomangirira tcheni. Munthu amene manja ake onse agwira zingwe ndi chiwongolero sangapise m'thumba kuti aone nthawi. Adadandaulira mnzawo Louis Cartier, mmisiri wa zokongoletsera, ndipo mu 1904 iye adawapangira wotchi yomanga pamkono ndi lamba wachikopa. Kutchuka kwa mwini wake kudathandiza kuti amuna ambiri ayambe kuvala wotchi pamkono. Mpaka lero kampani ya Cartier imagulitsa wotchi yotchedwa Santos.

Kuchoka pa chibaluni kufika pa ndege

Chibaluni chimayandama chifukwa ndi chopepuka. Ndege ndi yolemera, imadalira liwiro ndi mphepo yodutsa pamapiko ake monga mbalame. Mu 1906 a Santos Dumont adapanga ndege yooneka ngati mabokosi a nsalu olumikizana, yokhala ndi khosi lalitali kutsogolo ngati bakha. Poiyesa adayamba aipachika pansi pa chibaluni Nambala 14, n'chifukwa chake idatchedwa 14-bis. Adaipachikanso pa waya wautali, bulu n'kumaikoka, kuti aphunzire kuiwongolera isananyamuke.

Pa 23 Okutobala 1906, pabwalo la Bagatelle mu Paris, ndegeyo idathamanga pa magudumu ake, kunyamuka, n'kuuluka mamita pafupifupi 60 pamaso pa khamu la anthu. Pa 12 Novembala idauluka mamita 220, mtunda wa mabwalo awiri a mpira, m'masekondi 21 ndi theka. Woyendetsa ankachita kuimirira m'dengu.

Ku America abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, adali ataulutsa kale ndege yawo pa 17 Disembala 1903, koma ankayesera kutali ndi maso a anthu ambiri pofuna kudzagulitsa luso lawo. Ku Ulaya adaionetsa mu 1908. N'chifukwa chake mpaka lero anthu a ku Brazil ndi a ku America sagwirizana kuti woyamba adali yani.

Ndege yomwe a Santos Dumont adaikonda koposa ndi yomwe adayamba kupanga mu 1907, ya nsungwi, mawaya ndi nsalu ya silika. Idatchedwa Demoiselle, mawu a Chifalansa otanthauza namwali komanso tombolombo. Idali yopepuka moti ankainyamula pa galimoto, ndipo ankauluka nayo pokacheza kwa anzawo kunja kwa tauni. Mu Sepitembala 1909 adayenda nayo makilomita 8 kuchoka ku Saint-Cyr kukafika ku Buc m'mphindi pafupifupi 5. Sadakailembetse kuti aliyense wofuna kupanga yofanana nayo aziwalipira. Adalola kuti zojambula za mapangidwe ake zifalitsidwe, ndipo mu 1910 magazini ya ku America ya Popular Mechanics idazisindikiza. Ankakhulupirira kuti anthu akamayenderana mosavuta adzadziwana, ndipo odziwana samenyana msanga.

Matenda ndi nyenyezi

Mu 1910, ali ndi zaka 36 zokha, adaleka kuuluka chifukwa cha matenda a mitsempha. Adasamukira ku Bénerville, m'mphepete mwa nyanja, n'kuyamba chizolowezi china, chopenya nyenyezi usiku ndi makina oonera patali. Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, anthu oyandikana nawo adawaganizira kuti ndi kazitape wa Ajeremani, poona makinawo ndi kumva kalankhulidwe kawo kachilendo. Apolisi adafufuza m'nyumba mwawo osapeza kanthu. Chifukwa cha kuwawidwa mtima adatentha mapepala ndi zojambula zawo zambiri, n'kubwerera ku Brazil.

Mu 1918 adamanga kanyumba pamalo otsetsereka m'tauni ya Petrópolis, komwe kamatchedwa A Encantada. Kanyumbako kakuonetsa khalidwe la mwini wake. Makwerero ake adadulidwa mwakuti phazi lililonse lili ndi popondapo pake, ndipo wolowa amayenera kuyamba ndi phazi lamanja. Mulibe khitchini, chakudya chinkachokera ku hotela yapafupi. M'bafa adaikamo chidebe chobowola chomwe madzi ake ankatenthetsedwa ndi spiriti. Pamwamba pa denga padali poonera nyenyezi. Lero kanyumbako ndi malo osungirako mbiri yawo, ndipo anthu amapita kukaona.

Chomwe chidawaswa mtima

M'nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndege ndi zibaluni zidagwiritsidwa ntchito poponya mabomba m'mizinda. Iwo eni, kale mu 1903, adauzapo boma la France kuti lingagwiritse ntchito zibaluni zawo pa nkhondo, koma ataona zomwe mabomba a mumlengalenga amachita kwa anthu wamba adayamba kudziimba mlandu. Awerengi amene adaonapo nkhondo ndi maso awo safunika kuwafotokozera zambiri. Mu 1926 adalembera bungwe la League of Nations, lomwe lidalipo United Nations isanakhazikitsidwe, kupempha kuti ndege ziletsedwe kukhala zida zankhondo. Pempholo silidaphule kanthu.

Pa 3 Disembala 1928 ankafika ku Rio de Janeiro pa sitima yapamadzi kuchokera ku Ulaya. Ndege yotchedwa dzina lawo, itanyamula anthu ophunzira odzawachingamira, idagwera m'nyanja, ndipo onse omwe adalimo adafa. Chisangalalo chidasanduka maliro. Kuchokera pamenepo matenda a maganizo adawakulira.

Pa 9 Julayi 1932 nkhondo yapachiweniweni idabuka pakati pa chigawo cha São Paulo ndi boma la Brazil, ndipo ndege zidayamba kuphulitsa abale okhaokha. A Santos Dumont adali akupuma ku hotela ina ku Guarujá, m'mphepete mwa nyanja m'chigawo chomwecho. Pa 23 Julayi 1932, patangotha masiku atatu atakwanitsa zaka 59, adadzipha. Akuluakulu a nthawiyo adabisa zoona zake n'kulengeza kuti wawatenga ndi mtima.

Adaikidwa m'manda a São João Batista ku Rio de Janeiro. Tauni yapafupi ndi komwe adabadwira, yomwe kale inkatchedwa Palmira, lero ndi Santos Dumont, ndipo bwalo lina la ndege mu Rio de Janeiro lili ndi dzina lomweli. Chaka chilichonse pa 23 Okutobala dziko la Brazil limakumbukira tsiku la oyendetsa ndege. Ndege yomwe iwo ankailakalaka, yonyamula odwala, makalata ndi anthu okaona abale, ilipo lero. Yoponya mabomba ija nayonso ilipobe.