Albert Kelner ndi mabakiteriya amene anachira padzuwa

M'chaka cha 1948, ku Cold Spring Harbor m'dziko la America, wasayansi Albert Kelner anali pa ntchito imene inkamuzunguza mutu. Kelner, amene anabadwa mu 1912, ankawalitsa cheza cha ultraviolet pa mabakiteriya otchedwa Streptomyces griseus, omwe amatulutsa mankhwala a streptomycin. Ankafuna kupeza mitundu yatsopano yopanga mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda. Chezacho chinkapha ambiri, koma chiwerengero cha opulumuka sichinkakhazikika: lero ochepa, mawa ochuluka zedi.

Wina akanangoti zida zalakwa n'kupitirira. Kelner anakakamira. Poyamba anaganiza kuti chikuchititsa ndi kutentha, ndipo anatha miyezi akuyesa zimenezo. Pambuyo pake anazindikira kuti mabakiteriya amene ankachira kwambiri ndi aja ankasungidwa pafupi ndi zenera. Kuwala wamba kunkabwezeretsa moyo m'tizilombo tooneka ngati tafa kale. Anafalitsa zimenezi mu 1949.

Chimene chimachitika mkatimo chinadziwika patapita zaka. Cheza cha ultraviolet chimamatiriza pamodzi zilembo ziwiri zoyandikana pa ulusi wa DNA, kawirikawiri za T, mwakuti selo silithanso kukopera bwino malangizo ake. Bakiteriya ali ndi enzayimu yotchedwa photolyase, imene imafunafuna malo opindikawo, n'kugwirapo, kenako n'kugwiritsa ntchito mphamvu ya kuwala kulekanitsa zilembozo. Thupi la munthu lilibe enzayimu imeneyi. Ilo limadula kachigawo koonongekako n'kulumikizapo katsopano.

Ulemu sunamufikire Kelner mosavuta. Pa nthawi yomweyo Renato Dulbecco, amene ankagwira ntchito mu labotale ya Salvador Luria ku Indiana, anaona zofananazo pa mavairasi ogwira mabakiteriya, ndipo panabuka kusamvana pa nkhani ya amene anayamba kuziona. Luria ndi Dulbecco anadzalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wina. Kelner anapita kukaphunzitsa pa yunivesite ya Brandeis, ndipo dzina lake silinamveke kutali.

Anamwalira mu 1994. Mu 2015 mphoto ya Nobel inaperekedwa kwa Tomas Lindahl, Paul Modrich ndi Aziz Sancar chifukwa chofotokoza mmene maselo amakonzera DNA yawo. Sancar anayamba kafukufuku wake ndi photolyase yomweyo.